Ana inu a ku Ireland, ku Glendalough ndi kumanda

Inu ana athu mwabwera kuno ku Ireland kudzaphunzira ndi kudzagwira ntchito, tatcherani khutu. Zithunzi mukuponya pa Facebook masiku ano zikutichititsa manyazi ife akuluakulu, wina wakhala pa chiliza ku Glendalough botolo lili kumanja, wina wakwera khoma la tchalitchi chakugwa ati chithunzi chioneke bwino, anzake akuwombera m'manja. Kodi kumudzi mungalowe kumanda amfumu osadziwa nkuyamba kuvina? Nanga poti ogona pamenepo ndi azungu ndiye basi ulemu watha?

Malo amene aja anali mudzi wa amonke, anayambitsa ndi Kevin Woyera m'zaka za m'ma 500, nsanja yozungulira mumaikonda ija ndi yotalika pafupifupi mamita 30 ndipo yaima zaka mazanamazana osagwa, inu mukufuna mukandepo dzina lanu ndi kiyi. Mu 2023 munthu wina anasonkha moto pa mwala wakale wotchedwa Deer Stone konko mpaka unang'aluka, dziko lonse linakwiya, ndiye inu okonda kuwotcha nyama paliponse samalani.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi mabwalo ozungulira a dothi aja mumawaona m'minda ya anthu, eni dziko amati rath kapena fairy fort. Alipo oposa 40,000. Si zulu za chiswe ayi, anali makomo a mabanja zaka zoposa 1,000 zapitazo, mkatimo munali nyumba ndi ziweto, ndipo m'mabwalo ena anadzaikamo makanda omwalira asanabatizidwe. Alimi ambiri amalima mozungulira, ngakhale kamtengo kaminga kamera pamenepo sadula. Mlimi wina wa ku Kerry anagumula bwalo lotere m'munda mwake momwe, khothi linamulipitsa ma euro 25,000 mu 2012. Mwini munda ameneyo, nanga iwe mlendo wa renti?

Za kamakina kofufuzira zitsulo pansi iwalani, popanda chilolezo ndi mlandu. Ukatola chinthu chakale, kaya kandalama kaya kamphete, ndi cha boma, umakanena ku nyumba yosungira zinthu zakale ya National Museum of Ireland osati kuponya m'thumba kuti ukaonetse kwanu. Ndipo musachotse mwala pakhoma olo umodzi. Apolisi a Garda akakugwirani musatiimbire ife foni usiku kuti madala tithandizeni, pokakonzetsa mapepala okhalira kuno mukafotokoza nokha.