Mutu woulula mathero

Chomwe chimandinyansa ndi ichi: munthu walemba sewero kwa miyezi, anzake aloweza mawu mpaka usiku ku Matero, koma pa chikwangwani waikapo mutu wotiuziratu kuti mkazi uja adzathawa ndi mlamu wake. Nanga ife tigulirenji tikiti?

Makanema a pa Facebook ndiye anyanyiratu. Mutu umatalika ngati mzere wa minibasi pa Kulima Tower, ndipo aliyense amakakamira kuthiramo chikondi ndi misozi, mpaka sungasiyanitse kanema wa uyu ndi wa uja.

Abale anga olemba, m'nkhani yanumo muli mbuzi yosowa, ngongole ya pa kantemba, chitenje cha agogo chong'ambika. Tengani chimodzi mwa zimenezo chikhale mutu. Za mlamuyo tisiyireni, tikadzionere tokha.