Utoto wokha susunga sitolo: England ndi France pa nkhani ya masitolo ang'onoang'ono

Nyanja yomwe imalekanitsa England ndi France, pomwe yaning'a kwambiri, siposa makilomita 35. Koma mayiko awiriwa amasiyana kutalitali pa kasamalidwe ka sitolo yaing'ono ya pakati pa tauni. Kuno ku England sitolo ikayamba kufooka, maso onse amatembenukira kwa ife ogula: gulani kwanu konkuno, kondani tauni yanu. Kutsidya amayamba ndi kufunsa kuti nyumba yomwe muli sitoloyo ndi ya yani, nanga ndani anavomereza kuti kunja kwa tauni kumangidwe chisitolo china chachikulu. Kwa ine funso la kutsidyali ndiye lenileni, ngakhale nawonso a ku France ali ndi mabala awo.

Chomwe chandiyankhulitsa ndi sitolo ya ndiwo zamasamba ndi zipatso ya m'tauni yomwe ndikukhala, pamsewu waukulu wa masitolo uja eni dziko amautcha high street. Bambo amene amaiyendetsa anaitseka kwa kanthawi, ndipo itatsegulidwanso tinachita kuima pakhomo. Chikwangwani chakale chomwe zilembo zake zinali zitafufutika anachichotsa. Anapaka utoto wobiriwira kutsogolo konse, nayala makreti a matabwa panja, malalanje mbali iyi, kabichi mbali iyo, mtengo wa chilichonse utalembedwa ndi choko pa kabolodi kakang'ono. M'kati anaika magetsi owala, moti therere lija kale tinkachita kulifufuza pakona yamdima pafupi ndi matumba a anyezi tsopano lili pamaso penipeni, pambali pa chinangwa ndi nthochi zophika. Sikelo yokha ndi yomwe ija. Mayi awo okalamba akadakhalabe pampando kuseri kwa kauntala, akusankha tsabola wowola m'bokosi, ndipo mwana akalowa ndi amayi ake sachoka wopanda kananchesi m'manja ngati banyira.

Anthu achuluka, sindikana. Ena omwe ankangodutsa tsopano akulowa. Koma nditawayamikira bambowo, anangomwetulira n'kundiuza kuti chomwe chikuwasowetsa tulo ndi pangano lawo la lendi lomwe latsala pang'ono kutha, ndipo mwini nyumba, yemwe sanamuonepo maso ndi maso chifukwa zonse zimadzera kwa ajenti, akhoza kuona sitolo yokongolayo n'kukweza lendi. Ndalama zokonzera zinatuluka m'thumba mwawo, koma phindu la nyumba yowala likhoza kugwera wina. Zili ngati kupaka nyumba laimu pomwe chiswe chikudya mitengo ya denga.

Munthu wotere si wongokongoletsa tauni ayi. Amene tinali kuno mu February 2023 tikukumbukira kuti nyengo itavuta ku Spain ndi ku Morocco, masitolo akuluakulu monga Tesco, Asda, Aldi ndi Morrisons anayamba kuwerengera anthu matimati, nkhaka ndi tsabola wobiriwira, munthu osaloledwa kutenga zoposa ziwiri kapena zitatu. Mashelefu anali mbee. Komatu m'masitolo ang'onoang'ono ambiri matimati analipo. Anali okwera mtengo, inde, koma analipo, chifukwa eni ake amadzuka usiku kukapikula okha ku misika ikuluikulu monga New Covent Garden ku London kapena wa ku Witton mu Birmingham, n'kulipira mtengo wa tsikulo. Masitolo aakulu amamangirirana ndi alimi pa mtengo wogwirizana kalekale, ndiye zinthu zikasowa, katundu amapita kwa amene walonjeza zambiri. Ikafika Khirisimasi zinthu zimatembenuka. Masitolo omwewo amatsitsa thumba la karoti kufika pa 15p kapena kutsikirapo, mtengo womwe wa sitolo yaing'ono sangaupeze ngakhale kopikula. Palibe lamulo kuno loletsa kugulitsa chinthu motsika kuposa momwe unachigulira. Ku France lamulo lotero lilipo kuyambira mu 1963.

Sikuti boma la kuno lakhala chete. Mu December 2011, Mary Portas, katswiri wa zamalonda yemwe nduna yaikulu ya nthawiyo, David Cameron, anamupempha kuti afufuze za kufa kwa misewu ya masitolo, anatulutsa lipoti la mfundo 28. Chaka chotsatira matauni 12, kuphatikizapo Margate, Stockport ndi Wolverhampton, anasankhidwa kuti alandire ndalama zosaposa £100,000 iliyonse, kenako anawonjezera ena 15. Taganizani, £100,000 ya tauni yonse. Ndalama zotere zimakwanira maluwa, mabenchi ndi tsiku la msika, koma sizingagule ngakhale nyumba imodzi yabwino ya sitolo. Ndipo masitolo anapitirirabe kutsekedwa. Woolworths inali itagwa kale kumapeto kwa 2008 ndi masitolo ake pafupifupi 800, Debenhams inatseka zitseko mu 2021, Wilko mu 2023. Sitolo yaikulu ikachoka pamsewu, imapita ndi anthu omwe ankadutsa pakhomo pa wogulitsa masamba.

Palinso msonkho wa malo ochitirapo malonda, womwe amauwerengera potengera lendi yomwe nyumbayo ingalipiridwe pachaka, osati phindu lomwe munthu wapeza. Apa England anayesetsako, tisaname: nyumba ikayesedwa kuti lendi yake ya pachaka siposa £12,000, mwini bizinesi yaing'ono salipira kanthu, ndipo chithandizocho chimanka chichepa mpaka pa £15,000. Vuto ndi loti sitolo yomwe ili pamalo abwino, pomwe pamadutsa anthu, kawirikawiri imadumpha malire amenewo. Chithandizo china chomwe chinkachotsera masitolo 75 peresenti ya msonkhowu anachitsitsa kufika pa 40 peresenti mu April 2025. Pomwe masitolo a mabungwe achifundo, aja ogulitsa kaunjika ndi mabuku akale, amachotseredwa 80 peresenti mwa lamulo. Sindikuwada, ndimagulako majuzi a ana, koma nchifukwa chake mumapeza atatu atandandalikana pamsewu womwe mulibe wogulitsa nyama kapena nsomba ngakhale mmodzi.

Kutsidya ndinakaona ndi maso anga pokacheza kwa alamu anga pafupi ndi Lille. Lamulungu m'mawa anandipititsa ku msika wa Wazemmes. Anthu anali pikitipikiti, agogo akukoka timatumba ta matayala, akununkhiza vwende asanagule, wogulitsa akufunsa ngati mapeyalawo ndi odya lero kapena mkuja kuti asankhe oyenera. Wina anganene kuti ndi chikhalidwe chabe, Afalansa amakonda chakudya. Chikhalidwe chilipo ndithu, koma pansi pake pali malamulo omwe anthu anachita kukhalira pansi n'kulemba.

Mu 1973 anakhazikitsa lamulo lotchedwa Royer, loti womanga sitolo yaikulu azipempha kaye chilolezo chapadera ku komiti ya m'deralo. Mu 1996 analikhwimitsa moti sitolo yoposa masikweya mita 300 okha inkafunika chilolezocho, kenako mu 2008 anafewetsa n'kuika malire pa 1,000. Chomwe ine ndimasirira kwambiri ndi cha 2005. Khonsolo ya ku France ikhoza kulemba malire a dera lomwe ikufuna kuteteza, ndipo bizinesi kapena pangano la lendi la sitolo likamagulitsidwa m'deralo, khonsolo ili ndi ufulu wokhala yoyamba kugula, n'kudzapereka kwa wamalonda yemwe msewuwo ukumusowa. Ku Paris, kuyambira mu 2004, kampani ya mzindawo yomwe kale inkatchedwa Semaest yakhala ikugula nyumba za masitolo m'madera omwe malonda a mtundu umodzi anadzaza kapena omwe anatsala mabwinja, n'kumabwereketsa kwa ogulitsa mabuku, zakudya ndi amisiri. M'misewu ina ya mzindawo lamulo silikulola n'komwe kusandutsa sitolo ya pansi kukhala nyumba yogona kapena ofesi. Kuno ku England tinalowera kwina: kuyambira mu 2021 zinaphweka kusandutsa sitolo kukhala nyumba yogonamo popanda kudutsa njira yonse yopempha chilolezo. Anthu akusowa pokhala, ndikudziwa, koma sitolo ikasanduka chipinda chogona sibwereranso.

Ndiye pali nkhani ya lendi, yomwe ikuwadetsa nkhawa bambo aja. Ku France pangano la lendi ya sitolo limakhala la zaka 9, wobwereka ali ndi mwayi wotulukamo pakatha zaka zitatu zilizonse, ndipo mwini nyumba akakana kulipitiriza popanda chifukwa chomveka amayenera kulipira chipukuta misozi cholingana ndi bizinesi yomwe waiwononga. Ku England chitetezo chofananako chilipo m'lamulo la 1954, koma lamulolo limalola kuti awiriwo agwirizane kuchisiya pambali, ndipo eni nyumba ambiri amaika zimenezo patebulo tsiku loyamba lomwe. Wosowa malo amasaina. Munthu yemwe akudziwa kuti sangathamangitsidwe chisawawa amagula furiji yatsopano ndi mtima umodzi.

Komabe musaganize kuti ku France kuli mkaka ndi uchi. Dziko lomweli ndi limodzi mwa mayiko omwe anabala zisitolo zikuluzikulu za kunja kwa tauni. Carrefour inatsegula choyamba chotere m'dzikomo mu 1963 ku Sainte-Geneviève-des-Bois, ndipo Auchan inayambira ku Roubaix, pafupi ndi Lille pomwepo, mu 1961. Makomiti opereka zilolezo aja nthawi zambiri ankangovomera, chifukwa meya aliyense amafuna ntchito ndi misonkho m'dera lake. Mukamalowa m'matauni ambiri apakatikati mumayamba mwadutsa mtunda wa zisitolo zamalata ndi malo oimika galimoto, mukafika pakati n'kupeza zitseko zokhomedwa ngati kuno komwe. Boma lawo linavomereza vutoli mu 2018 pomwe linayambitsa ntchito ya Action Cœur de Ville, ya mayuro 5 biliyoni kwa zaka zisanu m'matauni 222. Kusiyana kwake ndi kwakuti ndalamazo zinalunjika pa nyumba zenizeni, kuphatikizapo kukonza zipinda za pamwamba pa masitolo kuti anthu abwerere kudzakhala pakati pa tauni. Wokhala pamwamba pa sitolo sakwera galimoto kukagula anyezi awiri.

M'kati mwa UK momwemo njira sizifanana. Ku England ndi Wales sitolo yoposa masikweya mita 280 imaloledwa kutsegula maola 6 okha Lamulungu, zomwe zimapatsa ang'onoang'ono mpata, pomwe ku Scotland malire amenewo kulibe. Ku Northern Ireland mu 2021 anapatsa munthu wamkulu aliyense khadi la £100 loti akagulire m'masitolo a kwawo. Zinathandiza miyezi imeneyo, khadi litatha zinathera pomwepo.

Chinthu chimodzi chomwe chandipatsa chiyembekezo kuno ndi mphamvu yomwe makhonsolo a ku England analandira mu December 2024. Sitolo ya pakati pa tauni ikakhala yopanda munthu kupitirira chaka m'zaka ziwiri, khonsolo ikhoza kuiika pa okushoni kuti wina aibwereke kwa chaka chimodzi mpaka zisanu, mwini nyumba afune asafune. Aka nkoyamba kuona England akugwira pomwe France anagwira kalekale. Koma ndi mphamvu yomwe khonsolo ikhoza kuigwiritsa ntchito kapena kuisiya m'kabati, ndipo makhonsolo ambiri ndalama zawathera. Makhansala amabwera pakhomo nthawi ya zisankho. Tiziwafunsa kuti ndi masitolo angati otsekedwa omwe awalembera kalata eni ake.

Ife Amalawi sitifunika kuuzidwa momwe mzere wa masitolo otsekedwa umaonekera. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu linalamula amalonda achimwenye kuchoka m'madera akumidzi, mabanja ambiri n'kudzathera ku Leicester kuno. M'matauni ang'onoang'ono ambiri kwathu nyumba zija zinakhala zaka zili gwaa, makonde akugumuka, anthu akuyenda mtunda kusaka sopo ndi palafini. Zifukwa zake zinali zina, koma phunziro loti kutseka sitolo nkosavuta kusiyana ndi kuitsegulanso tinaliona tokha.

Ndipo kuno tili ndi chifukwa chathuchathu. Sitolo yaikulu siidzakuitanitsirani nkhwani chifukwa choti mwapempha. Zomwe zikhale pashelefu zimagamulidwa ku likulu, kutali ndi tauni yanu. Wa sitolo yaing'ono mukamuuza kuti tilipo mabanja angapo ofuna mpiru, mbatata yoyera m'kati kapena chimanga chachiwisi chosatsekemera, amakayang'ana kopikula sabata yomweyo. Chomwe amaopa ndi kubweretsa bokosi lonse, ife n'kugula timitolo tiwiri, zotsalazo n'kufota. Abale anga a ku mpingo ndi a m'magulu athu a WhatsApp, tikamuuza munthu kuti abweretse, tizilemberana mayina, tizimuuza tsiku lomwe tibwere, ndipo bokosilo tizilimaliza.