Kalavati ayezedwe ndi madzi a Januwale, asayezedwe ndi khwawa la Okutobala

Pa mseu wa dothi wopita kumudzi kwa amayi anga, womwe umapatuka pa mseu wa Chipata kupita ku Lundazi, pali kalavati amene wakokoloka kawiri, ndipo nthawi zonse ziwiri anthu anangoti mvula inachuluka. Ine sindigwirizana nawo. Mvula ya kuno kum'mawa timaidziwa: imayamba cha mu Novembala, imatha cha mu Epulo, ndipo ku Chipata imakwana mamilimita pafupifupi 1,000 pa chaka. Chimene chinalakwika n'chakuti womanga anabwera m'chilimwe, anaona kakhwawa kouma kamene mwana angalumphe, nayalapo paipi imodzi ya mamilimita 600 m'mimba mwake.

Kukula kwa kalavati kumawerengedwa kuchokera kumtunda, pa malo onse amene amatsetserekera madzi ake pamalo owolokerapo. Injiniya ayenera kudziwa kuti malowo ndi mahekitala angati, kuti mvula yamphamvu imagwa mamilimita angati pa ola, ndiponso kuti ndi gawo lanji la mvulayo limene limathamanga pamwamba osalowa m'nthaka. Tiyerekeze malo a mahekitala 50 pamene pagwa mvula ya mamilimita 60 pa ola, ndipo magawo atatu mwa magawo khumi a madziwo athamanga pamwamba. Pamalo owolokerapo pafika malita 2,500 pa sekondi iliyonse, omwe ndi madiramu pafupifupi 12. Paipi ya mamilimita 600 imameza madiramu awiri okha pa sekondi. Madiramu khumi otsalawo amadzikundikira kuseri kwa mseu mpaka akwere pamwamba pake, kenako amayamba kudya dothi kuyambira mbali ya kumunsi mpaka paipi itatsala yokha pamtetete.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti gawo la madzi othamanga pamwamba lija silikhala chimodzimodzi zaka zonse. Tayang'anani mapiri ozungulira Chipata, monga la Kanjala, mmene mitengo yachepera ndi mmene nyumba za malata zakwerera m'mbali mwa mapiri. Denga la malata silimwa madzi, bwalo losesedwa limamwa pang'ono chabe, ndipo munda wolimidwa mizere yotsetsereka ndi phiri umasanduka ngalande. Ngati magawo atatu aja asanduka asanu ndi limodzi, madzi ofika pa kalavati awirikiza kawiri ngakhale mvula ikhale yomweyo. Choncho kalavati amene anali wokwanira pamene makolo athu ankawoloka ndi ngolo akhoza kukhala wochepa lero popanda chilema chilichonse pa simenti yake.

Ena amati ngati paipi imodzi yachepa tingoyala ziwiri. Komatu mapaipi awiri a mamilimita 600 amatulutsa madzi ochepa kuposa paipi imodzi ya mamilimita 900, ndipo amatsekeka msanga ndi mapesi, nthambi ndi mapulasitiki. Munthu sangakwawiremo bwinobwino ndi fosholo kuti achotse mchenga. Pamene madzi ndi ochuluka zedi, kalavati wa konkire wangati bokosi ndiye woyenera, ndipo m'madambo ena, kumene madzi amasefukira maola ochepa n'kuphwa, ndi bwino kuyala konkire pansi kuti madzi adutse pamwamba kusiyana ndi kuwakakamiza kulowa m'paipi.

Mayalidwe nawonso ndi nkhani. Paipi yoyalidwa mopanda kutsetsereka imadzaza mchenga m'dzinja limodzi, pomwe yotsetsereka kwambiri imalavula madzi mwaukali n'kukumba dzenje kumunsi, ndipo dzenjelo limabwerera chammbuyo mpaka kugwetsa paipi yomaliza. N'chifukwa chake pamafunika makoma pakamwa pa kalavati, komanso miyala yoyalidwa kapena yomangidwa m'mawaya potulukira madzi. Zimenezi ndi zimene zimayamba kudulidwa ndalama zikachepa, ndipo zimandipweteka mtima chifukwa mtengo wake ndi wochepa pouyerekeza ndi kumanganso mseu wonse pamalopo, osanenanso za mlimi amene feteleza wake watsakamira tsidya lina kapena mayi wapakati amene galimoto yalephera kumufikira.

Misewu ikuluikulu monga Great East Road ili m'manja mwa bungwe la boma loona za misewu la Road Development Agency, koma makalavati ambiri a kumidzi tsopano akumangidwa ndi ndalama za CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera a aphungu, zomwe mu 2022 zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Izi zikutanthauza kuti ife eni dera, kudzera m'makomiti a chitukuko a m'mawodi, tili ndi mpata wofunsa ntchito isanayambe. Tifunse kuti malo otsetserekera madzi ayezedwa mahekitala angati, ndiponso kuti kalavatiyo wakonzedwera chigumula cha zaka zingati. Akati cha zaka 25, tisaganize kuti tipuma zaka 24, pakuti tanthauzo lake n'lakuti chaka chilichonse pali mwayi wa 4 pa 100 woti chigumulacho chifike.

Ndikupemphanso mainjiniya athu kuti asanajambule kalikonse ayambe akhala pansi ndi a mfumu ndi agogo a pamudzipo. Kwathu kuja agogo ena akanawalozera mkuyu umene uli m'mbali mwa khwawa, pamene zinyalala za chigumula zimakodwa pa nthambi yofika m'chifuwa mwa munthu wamkulu.