Khadi la Tsiku la Amayi chaka chino ndipanga ndekha

Anzanga, ndiloleni ndiyankhuleko Tsiku la Amayi lisanafike pa 15 October, poti makhadi onyezimira aja ayamba kale kuoneka m'mashopu.

Sabata yatha ndimafukula dzenje langa la manyowa kuseri kwa nyumba kuno ku Area 25 ku Lilongwe. Zonse zinawola bwinobwino: makoko a nthochi, masamba a mango, zitosi za nkhuku. Kenako khasu linakola kanthu. Kutola, ndi khadi la Khirisimasi lomwe ana anaponyamo chaka chatha. Pepala lake linatha, koma kapulasitiki kapamwamba kali bwinobwino ngati kagulidwa dzulo, ndipo tonyezimira tija tamwazikira m'manyowa monse. Timeneto ndi tizidutswa ta pulasitiki, sitiwola. Ndiye kuti mpiru wanga chaka chino umera pa mafuno abwino a Khirisimasi.

Zinandiwawa chifukwa dothi limeneli ndavutika nalo. Katondo wa kuno mukumudziwa: dzuwa la October likawomba amauma gwa ngati njerwa, mvula ikagwa amamatirira kukhasu. Zaka ziwiri zoyamba ndinkangothira feteleza n'kumadabwa kuti repu akufota bwanji. Chomwe chinasintha zinthu ndi manyowa, kuphimbira mabedi ndi udzu wouma, komanso kuthirira madzulo ndi madzi otsukira mpunga ndi ndiwo. Pomwe pali simenti ndinaimika matumba akale, miyala pakati, m'mbali n'kuboola, chayinizi n'kumatulukira m'mabowomo. Nsabwe zikabwera ndimasinja masamba a nimu, kuwanyika usiku wonse, mawa lake n'kuwaza. Ndipo bonongwe, luni ndi chisoso ndinasiya kuzula. Zimandiseketsa kuti timazula zimenezi ngati udzu, kenako tikwera minibasi kukazigula ku msika wa Wakawaka.

Tibwerere ku khadi lija. Dziko lino linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, khoti la Supreme n'kuvomereza chiletsocho mu 2019, koma imani pa mlatho pafupi ndi msika wa Tsoka muone zomwe zikuyandama mu mtsinje wa Lilongwe. Ndikuvomera, khadi limodzi si kanthu poyerekeza ndi majumbo onsewo. Komabe jumbo limanyamulako tomato. Nanga khadi lokutidwa pulasitiki, loimba kanyimbo ndi kabatire m'kati? Amayi alitsegula, amwetulira, aliika pamwamba pa kabati, basi. Mawu ali m'katimo analemba munthu amene sadziwa n'komwe kuti amayi anu ankadzuka mbandakucha kukazinga mandasi a fizi yanu.

Langa ndikupanga chonchi. Makope akale a ana ndawang'ambang'amba, kuwanyika masiku awiri, kuwasinja mu mtondo mpaka kukhala ngati phala. M'phalamo ndathira njere za bonongwe, tating'ono takuda tija, ndalifwaza pa sefa, kufinya madzi ndi chinsalu, n'kuyanika pamphepo. Likauma limatuluka pepala lokhakhala, lotuwa, koma bolopeni imalemba. Ulendo woyamba ndinalakwitsa: ndinaika njere za therere, zazikulu, pepala n'kung'ambika, ndipo poti ndinalisiya m'nyumba silinaume msanga, zina zinayamba kumera khadi lisanalembedwe. Alamu anga anaseka mpaka kugwira m'mimba, ati, "Alamu, kuumira kumeneku ndiye kwafika pena."

Mwina n'kuumiradi. Amene alibe nthawi yosinja mapepala asadzivute: gulani khadi la pepala lokhalokha, lopanda zonyezimira, lopanda kabatire, lomwe lingawole. Kapena dulani katoni yoyera, mulembe ndi dzanja lanu m'Chichewa, mumangirirepo kambande ka papaya kapena ka cham'mwamba. Uthenga wa pa WhatsApp nawo sutaya zinyalala, koma amayi anga ku Mitundu foni yawo ndi yamabatani, ndipo amakonda chinthu chogwirika.

Chitenje ndigulabe, tisanamizane. Kufika kwa amayi ndi pepala lotuwa lokha ndiye kukaitana mlandu wa pabanja. Koma khadilo akaliwerenga ndiwauza kuti alisunge mpaka mvula yoyamba, aling'ambe, alikwirire pang'ono kuseri kwa khitchini. Njere za bonongwe zatsala botolo lathunthu. Amene muli kufupi ndi Nsungwi, bwerani ndi kapepala kokulungira.