Masiku 30 a pa boda sasanduka study visa, tiyeni tiziuzana zoona

Nkhani iyi yakhala ikundidya mumtima kwa nthawi ndithu ndiye lero ndati ndingoilemba, wokwiya akwiye. Ndikunena za ana athu amene akubwera kuno ku Joni ndi masiku 30 aja amatidindira pa Beitbridge, mumtima ali ndi pulani yoti akafika asaka malo pa koleji kenako asinthitsa mapepala ali konkuno nkukhala pa study visa. Abale anga zimenezi sizitheka, ndipo amene akukuuzani kuti zimatheka mwina sakudziwa, apo ayi akungofuna ndalama zanu basi.

Ine ndaziona m'nyumba mwanga momwe. Mwana wa achemwali anga anabwera pa basi, mtsikana wanzeru zake, MSCE anakhoza bwino, ndipo malo anawapezadi pa koleji ina yolembetsedwa bwinobwino, kalata yomulandira ili m'manja. Tsiku lomwelo tinaimba foni kumudzi, amayi ake mpaka nthungululu. Ndiye pa pasipoti pake panali patatsala masiku 11. Ine ndinamuuza kuti mwanawe bwerera ku Malawi ukafunsire visa ku Lilongwe, iye misozi chuchuchu, akuti amalume ndibwerera bwanji poti anthu onse ndinawatsanzika kale, ku tchalitchi anandipempherera, anzanga akandiona akati zamukanika. Apa nkuti kwapezeka kale dobadoba wina pa WhatsApp womulonjeza kuti iye ali ndi munthu mkati, angopereka ndalama ndi pasipoti, sabata ziwiri sitika ya visa yatuluka. Tinakangana usiku onse mpaka ndinachita kumubisira pasipotiyo, ndipo sindichita nazo manyazi.

Lamulo lake lili chonchi. Kuyambira mu May 2014 pomwe South Africa inasintha malamulo ake a olowa ndi otuluka, munthu amene walowa ngati mlendo saloledwa kusintha kupita pa visa ya mtundu wina ali mkati mwa dziko. Kale anthu ankatha kutero, ndipo apa mpamene pamachokera chisokonezo chambiri, chifukwa achikulire amene anabwera zaka za m'mbuyomo amakuuza ndi mtima onse kuti ife tinasinthira konkuno, ndipo sakunama ayi, kungoti nthawi yawo inapita. Lero amene amapatsidwa mpata ndi ochepa kwambiri, monga amene akulandira thandizo la kuchipatala lopulumutsa moyo kwa miyezi yoposa itatu, kapena mkazi, mwamuna ndi mwana wa munthu amene ali ndi work visa kapena business visa, komanso kuchokera pa chigamulo cha Constitutional Court cha mu 2019, amene ali pabanja ndi nzika ya kuno kapena permanent resident (mlendo wololedwa kukhazikika kuno) pamodzi ndi ana awo. Kukhala ndi amalume ku Randburg kapena azakhali ku Cape Town sikukulowetsa mu gulu limeneli, kalata ya ku koleji nayonso payokha siikulowetsamo.

Ndiye chimene chimandiopsa ine kwambiri ndi chimene chimachitika munthu akamadikira dobadoba uja masiku nkutha. Ukapitirira ndi masiku osaposa 30, potuluka pa boda amakulemba kuti ndiwe undesirable, chaka chathunthu osalowanso. Ukabwereza mkati mwa zaka ziwiri, ban yake ndi zaka ziwiri. Ukapitirira masiku oposa 30, zaka zisanu. Tangoganizani mwana wa zaka 19, malo a sukulu ali nawo, fizi ya teremu yoyamba makolo agulitsa ng'ombe kapena poloti alipira, kenako zaka zisanu sangaponde dziko limene kuli sukuluyo chifukwa choti anaopa ulendo wa masiku awiri pa basi. Pali njira yochita apilo inde koma sukulu siikudikira iwe. Ndipo akakuikira sitika yabodza mu pasipoti ndiye zafika poipa zedi, imeneyo ndi fraud, ndipo wogwidwa ndi iwe mwini pasipoti, dobadoba uja wasintha kale nambala.

Ena amati bola kumangopita pa boda mwezi uliwonse kukadinditsa masiku ena uku ukuphunzira. Za ndalama za thiransipoti sindinena, koma dziwani kuti yunivesite kapena koleji yolongosoka pa registration imafuna kuona study visa yolembedwa dzina la sukulu yomweyo. Imene ikukulandira osakufunsa pepala lililonse, ikungoti bweretsa dipoziti, muyambe mwaifufuza kaye ngati ili mu kaundula wa Department of Higher Education and Training, chifukwa makoleji a pamwamba pa mashopu mu town alipo ambiri ndipo satifiketi yake sugwira nayo ntchito kulikonse.

Musandimve molakwa, ine sindikunena kuti lamuloli ndi lokoma. Limapweteka amphawi kuposa olemera, mwana wa bwana akwera ndege m'mawa madzulo ali ku Lilongwe, wathuyu akwera basi kudutsa Zimbabwe, Nyamapanda, Tete, mpaka Mwanza kapena Dedza, miyendo itatupa, ndalama yomwe ikanakhala ya lendi yathera panjira. Ndipo chaka cha sukulu kuno chimayamba cha mu February, ndiye ukachedwa kuyamba mapepala umapezeka makalasi ayamba iwe udakali kumudzi kudikira yankho. Zonsezi ndikuzidziwa ndipo zimandiwawa. Koma kuwawa kwa lamulo sikulichotsa, ndipo ofisala wa pa boda sakafunsa kuti unali ndi zifukwa zanji.

Chimene ndimawauza makolo ndi chakuti ngati cholinga ndi sukulu, mwana asanyamuke nkomwe. Apulaye malo a sukulu ali ku Malawi konko, masiku ano zambiri ndi pa intaneti. Kalata ikabwera ayambe kusonkhanitsa zofunika, police clearance, lipoti la dokotala, umboni woti ndalama zodzisamalira zilipo, ndi medical aid, ndipo apa ambiri amagwa chifukwa amafuna ya kuno ku South Africa yolembetsedwa ku Council for Medical Schemes, bungwe loyang'anira ma medical aid, osati inshuwalansi iliyonse yomwe mwagula kwanu. Masukulu ambiri amafunanso kuti masatifiketi akunja awunikidwe ndi SAQA, bungwe la kuno loona za masatifiketi a maphunziro, ndipo zimenezi zimatenga nthawi, musamayambe mu January. Akatero akapereke ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe, alowe ndi visa yake m'manja mutu uli m'mwamba. Ubwino wake study visa imakulola kugwira ganyu mpaka maola 20 pa sabata, pomwe pa masiku 30 aja ngakhale kutsuka mbale mu resitilanti ndi mlandu.

Koma vuto lenileni ine ndikuliona kwa ife akuluakulu. Timawaitana ana ndi mawu oti ungobwera tidzaonera konkuno, ngati kuti mapepala ali ngati malo ogona oti tithithikana pabalaza. Ndipo kumudzi nako munthu akabwerera patangotha mwezi timayamba manong'onong'o, eti wathamangitsidwa, eti Joni yamukana. Manyazi amenewa ndi amene akupangitsa ana kusankha kubisala mu room zaka ndi zaka osaphunzira, akaona galimoto ya apolisi mtima phaa, m'malo mokwera basi nkukachita zinthu mwadongosolo.

Mphwanga uja ndinamuperekeza ndekha ku Park Station kutatsala masiku anayi, sanandilankhule njira yonse ndipo atakwera sanayang'ane nkomwe pawindo. Semesita imeneyo inamudutsa, koleji inavomera kumusungira malo mpaka intake yotsatira titalemba kalata yopempha. Panopa ali kuno chaka chachiwiri, Loweruka amagwira pa shopu ina, ndipo pa holide ya December anapita kukaona amayi ake nkubwerera pa boda pomwe paja popanda womuimitsa.