Musanyoze magemu a m'mbali a Zelda

Pali kalankhulidwe kena pakati pa ife okonda The Legend of Zelda kamene kamandipweteka. Wina akangotchula magemu a m'mbali, amene sali pa mzere waukulu wa nkhaniyi, monga Hyrule Warriors kapena Cadence of Hyrule, mnzake amayankha msangamsanga kuti, "Aaa, imeneyo si Zelda yeniyeni." Anzanga, ine ndikukana.

Kwa inu amene simunaigwirepo, Zelda ndi gemu ya kampani ya Nintendo ya ku Kyoto m'dziko la Japan. Inatuluka koyamba mu 1986, ndipo amene anaiyambitsa ndi Shigeru Miyamoto ndi Takashi Tezuka. Wosewera amakhala Link, mnyamata wa lupanga ndi chishango, woyendayenda m'dziko la Hyrule, kulowa m'mapanga, kumasula zinsinsi mpaka kukakumana ndi chilombo chotchedwa Ganon. Zelda mwini dzinalo ndi mwana wamkazi wa mfumu.

Tsono taonani. Kuchokera mu 1986 mpaka mu 2024, zaka 38, magemu akuluakulu a Nintendo sanamupatsepo Zelda ulendo wakewake. Mu Ocarina of Time ya mu 1998 anadzibisa ngati Sheik n'kumatsogolera Link mwamseri. Mu The Wind Waker ya mu 2002 anali Tetra, mtsogoleri wa achifwamba a panyanja, mtsikana wa pakamwa pakuthwa. Koma m'magemu awiriwa mabatani sankayendetsa Zelda, mwini ulendo anali Link. Anayamba kumugwiritsa lupanga Zelda ndani? Magemu omwewa amene timawanyoza.

Mu 1993 panatuluka Zelda: The Wand of Gamelon pa makina a Philips CD-i. Sanaipange a Nintendo, ndipo saiwerengera n'komwe m'mbiri ya Hyrule. Inali gemu yofooka, sinditsutsa: zojambula zake anthu amaziseka mpaka lero, ndipo kuyendetsa munthu kunali kolimba. Koma m'menemo ndi Zelda amene ananyamuka kukapulumutsa bambo ake ndi Link. Mu 2014 a Koei Tecmo anabweretsa Hyrule Warriors, ndipo tinamuona Zelda ali pakati pa nkhondo akugwetsa adani mazanamazana, pambali pake pali akazi anzake ankhondo, Impa ndi Midna. Mu 2019 kampani yaing'ono ya ku Vancouver, Brace Yourself Games, inapanga Cadence of Hyrule, momwe phazi lililonse umaponda motsatira kugunda kwa nyimbo, ndipo umasankha wekha kuyamba ndi Link kapena Zelda. Pamene Echoes of Wisdom inkatuluka mu 2024, Link atamezedwa ndi mng'alu wamdima ndipo Zelda atanyamula ndodo yopangira zinthu zofanana ndi mabedi, matebulo ndi zilombo kuti zimugwirire ntchito, ife osewera a m'mbali tinali titamudziwa kale kuti angathe. Mmene ndimaonera ine, njira inalambulidwa ndi timagemu timeneti.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya Hidemaro Fujibayashi. Mu 2001 panatuluka magemu awiri a Game Boy Color amene Nintendo inalola kampani ya Capcom kupanga, Oracle of Seasons ndi Oracle of Ages. Ukamaliza imodzi unkapatsidwa mawu achinsinsi okalemba mu inzake, nkhani n'kupitirira mpaka mathero ake enieni. Mu 2004 anthu omwewo anapanga The Minish Cap, momwe Link amachepa mpaka udzu kusanduka nkhalango. Magemu atatuwa amawerengedwa m'mbiri ya Hyrule, inde, koma anali a timakina ta m'manja, opangidwa kunja kwa nyumba, ndipo ambiri maso awo anali pa magemu a pa TV. Wotsogolera ntchitoyo anali Fujibayashi, wogwira ntchito ku Capcom. Pambuyo pake analowa Nintendo. Ndi iyeyo amene anatsogolera Skyward Sword mu 2011, Breath of the Wild mu 2017 ndi Tears of the Kingdom mu 2023, imene inagulidwa makope 10 miliyoni m'masiku atatu okha. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Nintendo ikanakaniza Zelda kwa alendo, Breath of the Wild imene tonse timaitamandayi bwenzi ili yotani?

Ndikudziwa pamene mkangano umakolera moto: Hyrule Warriors: Age of Calamity ya mu 2020. Anthu ankayembekezera kuona tsoka limene linagwa zaka 100 Breath of the Wild isanayambe, ndendende monga linachitikira. M'malo mwake kaloboti kakang'ono kotchedwa Terrako kanabwerera m'mbuyo mwa nthawi n'kusintha zinthu, ndipo ena anakwiya nati nkhaniyo ndi yonama. Koma abale, Nintendo yomweyo mu 2011 inalengeza kuti mbiri ya Hyrule imagawika patatu pambuyo pa Ocarina of Time, ndipo nthambi imodzi ndi yoti Link anagonja. Ngati tinavomera zimenezo, nthambi ina yoti ngwazi zinapulumuka ikutivutiranji?

Ganizirani za ngwazizo, Mipha, Daruk, Revali ndi Urbosa, amene ankathandiza Link ndi Zelda kulimbana ndi Ganon. Mu Breath of the Wild timakumana nawo atafa kale, ali mizimu yotsekeredwa m'makina amene ankayendetsa. Timangomva mawu awo ndi kuona tizidutswa ta zokumbukira za Link. Age of Calamity inawaika m'manja mwathu ali amoyo. Kumenya nkhondo uli Urbosa, mphezi zikung'anima pa lupanga, kapena uli Mipha ndi mkondo wake, kumachititsa kuti ukabwerera ku Breath of the Wild imfa yawo ikupweteke kwenikweni. Gemu imene yakulitsa chisoni cha gemu yaikulu, ndingaitche bwanji yachabe?

Sindikunena kuti onse ndi okoma. Link's Crossbow Training ya mu 2007 inali yongoperekeza kachipangizo kowombera ka Wii Zapper, ndipo imatha usanakhute. Hyrule Warriors nayo imafika potopetsa, chifukwa kumenya kwake n'komweko bwalo ndi bwalo. Gemu ya mu 2006 pa Nintendo DS ya Tingle, bambo wovala zobiriwira uja wogulitsa mapu m'magemu ena a Zelda, yongokambirana mitengo ndi kusaka ndalama, si aliyense angaipirire. Koma zonsezi ziweruzidwe titazisewera, osati pongomva kuti ndi za m'mbali.

Chimene ndikulakalaka tsopano n'choti Nintendo ibwereke kampani ina yaing'ono nyanja ya mu The Wind Waker, atipangire gemu ya Tetra ndi anyamata ake a m'chombo, Link asanatulukire n'komwe. Inu mungasankhe ndani kuti apatsidwe gemu yakeyake?