Tizifunsa za maziko a mlatho, osati za tsiku lodula riboni

Boma likangolengeza kuti pa mtsinje wakutiwakuti pamangidwa mlatho waukulu wa msewu, funso limene limatuluka pakamwa pa aliyense ndi limodzi: utha liti? Ikadutsa miyezi ingapo osaona chipilala chitaima, mitima imayamba kuwawa, ena mpaka amati ndalama zadyedwa. Kudandaula n'koyenera ndithu, ndalamazo ndi zathu. Koma ine ndikupempha kuti tiwonjezere funso lina, limene kwa ine ndi lalikulu kuposa loyambalo: maziko ake alowa pansi bwanji, ndipo aima pa chiyani?

Ndinakhalapo tsiku lathunthu m'mbali mwa mtsinje, ndikuonerera anthu oyeza dothi pamalo pamene ankafuna kumangapo mlatho. Makina awo obowola anali atawakweza pa chibwato chachitsulo pakati pa madzi. Chipaipi chinkalowa pansi pang'onopang'ono, ndipo akachitulutsa ankakankha dothi lomwe linali mkatimo, lozungulira, lotalika ngati mkono. Ankaliyala m'bokosi la matabwa n'kulemba pambali kuya kwake kumene lachokera. Mchenga wofewa unatuluka poyamba, kenako matope akuda onunkha, kenako dongo. Bambo wina wachikulire pagululo anatola chidutswa cha dongolo n'kuchitsindika ndi chala chachikulu. Chalacho chinalowa chonse. Anapukusa mutu, nauza anyamata ake kuti apitirize kubowola mpaka chitsulo chilire pa thanthwe. Munthu wodutsa pamsewu tsiku limenelo akanati palibe chimene chikuchitika. Chonsecho mlatho wonse unali kugamulidwa m'bokosi la matabwa lija.

Mtsinje si ngalande ayi. Umasuntha, umadya gombe lino n'kukataya mchenga gombe linalo, ndipo pansi pake pamasintha chaka ndi chaka. Ukaimika chipilala pakati pake, madzi akachigunda amazungulira n'kutsikira pansi, n'kuyamba kufukula mchenga patsinde pa chipilalacho ngati mmene nkhuku imapalasira. Nthawi ya chilimwe dzenjelo silioneka, nthawi zina limakwiririkanso ndi matope ofewa. Madzi akasefukira limakula msanga. Pamwamba phula lili bwinobwino, magalimoto akudutsa, koma pansi chipilala chikutsala pang'ono kulendewera.

Izi zachitikapo, ndipo zapha anthu. Mu Epulo 1987 mlatho wa pa Schoharie Creek, pa msewu waukulu wa m'chigawo cha New York ku United States, unagwa madzi atasefukira, anthu 10 n'kumwalira. Zipilala zake zinangokhazikidwa pa maziko osaya, opanda mizati yokhomedwa pansi kwambiri, ndipo miyala yotchinjiriza tsinde lake inali itakokoloka osabwezeretsedwa. Mu Malichi 2001 mlatho wa Hintze Ribeiro pa mtsinje wa Douro ku Portugal unadukira m'madzi pamodzi ndi basi ndi magalimoto atatu, anthu 59 anafa. Chimodzi mwa zinthu zimene zinafooketsa chipilala chake chinali kukumba mchenga mumtsinjemo kwa zaka zambiri. Nkhani ya ku Portugal imeneyi imandipweteka kwambiri, chifukwa ndikaona anthu akukumba mchenga pafupi ndi mlatho ndimadziwa kuti akungofuna chakudya cha ana awo, koma sakudziwa kuti akukumba pansi pa miyendo ya chinthu chimene iwo omwe amadutsapo. Wina amayenera kuwauza, ndi kuwasonyeza kwina kokakumba.

N'chifukwa chake mainjiniya asanajambule n'komwe mlatho amayamba afufuza mbiri ya madzi. Amaona zolembedwa za mvula ndi kuchuluka kwa madzi kwa zaka zambiri, amayang'ana zizindikiro pa mitengo ndi pa matanthwe, ndipo anzeru amakhala pansi ndi akuluakulu okhala m'mbali mwa mtsinjewo n'kuwafunsa pamene madzi anafika chaka choipitsitsa chimene akukumbukira. Mudzamva akunena za kusefukira kwa zaka 100. Ambiri timaganiza kuti ndiye kuti kumabwera kamodzi, n'kudikira zaka zina 100. Sizili choncho. Tanthauzo lake n'lakuti chaka chilichonse pali mwayi umodzi pa 100 woti madzi afike pamenepo, ndiye atha kutero chaka chino n'kubwerezanso chaka chamawa. Ndipo ndi mmene nyengo yasinthira, ndi mmene mitengo yathera kumtunda kwa mitsinje yambiri, manambala akale amafunika kuwaonanso mwatsopano. Madzi akasefukira amabweranso ndi mitengo yozuka, imene imapingasa pa zipilala ngati mpata wa pakati pake ndi wochepa.

Kusankha malo nakonso kumatenga nthawi, ndipo sikukhudza dothi lokha. Taonani mlatho wa Kazungula pa mtsinje wa Zambezi, wolumikiza Zambia ndi Botswana. Ndi wautali mamita 923, ndipo ndi wokhota. Kukhotako si kokongoletsa. Pamalopo malire a maiko anayi ali pafupi kwambiri, choncho anaukhotetsa kuti usalowe m'dera la Zimbabwe kapena la Namibia. Ntchito inayamba mu 2014, mlatho unatsegulidwa mu Meyi 2021. Zaka zimenezo zinali zambiri kwa madalaivala a mathiraki amene ankagona masiku pamzere kudikira pantoni, ndipo ndimawamvetsa. Koma lero akuwoloka mtsinjewo m'mphindi zochepa, ndipo pamlathopo anasiyanso malo a njanji. Anaganizira za mawa asanathire konkire.

Konkireyo nayenso sakakamizidwa. Akamathira, amatapako pang'ono n'kuika m'timabokosi tachitsulo, n'kupanga timadadi timene amatiika m'madzi. Pakatha masiku 7 amaphwanya tina ndi makina, pakatha masiku 28 amaphwanya totsalato, kuti aone ngati konkireyo wafika pa mphamvu imene inalembedwa. Masiku 28 amenewo palibe nduna ingawafupikitse. Apa ndiye pamene ndimachita mantha ndikamva kuti mlatho uyenera kutha chisankho chisanafike. Kontrakitala akapanikizidwa ndi tsiku, chimene amachepetsa ndi chimene anthu sachiona: mzati umene umayenera kulowa pansi kwambiri amausiyira panjira, zitsulo amazitalikitsa, matabwa ochirikiza amawachotsa msanga. Penti ndi magetsi okha ndiye saziiwala, chifukwa ndi zimene zimatuluka pa zithunzi.

Musandimve ngati ndikuikira kumbuyo ulesi. Kuchedwa kulipo kwa mitundu iwiri. Kwina n'kwa kuyeza, kuwerengera, kulipira bwino anthu amene asamutsidwa ndi kudikira kuti madzi aphwere. Kwina n'kwa kontrakitala amene walandira ndalama n'kuzimiririka, kapena boma limene silikulipira ntchito yomwe yagwiridwa kale. Kwachiwiriku tizikudzudzula mosanyengerera. Vuto ndi lakuti ife anthu wamba sitingasiyanitse ziwirizi ngati sakutiuza kanthu. Chikwangwani cha pamalo a ntchito chimangonena dzina la kampani, mtengo ndi tsiku lomaliza. Bwanji osalembaponso kuya kwa maziko, msinkhu wa madzi umene mlathowo ungapirire, kulemera kwa thiraki yololedwa, ndi dzina la amene akuyang'anira ntchitoyo m'malo mwathu? Lipoti la kuyeza dothi liikidwe pa intaneti kuti mainjiniya ena ndi ophunzira a ku yunivesite aliwerenge. Palibe chachinsinsi pamenepo.

Ndipo riboni ikadulidwa ntchito sinathe. Mlatho umafutukuka kukatentha n'kubwerera kukazizira, n'chifukwa chake pamakhala timipata tija timene timalira galimoto ikamadutsa. Tikadzaza mchenga, mlatho umadzikankha wokha n'kung'aluka. Mabowo otulutsa madzi a mvula akatsekeka, madzi amalowa mu konkire, zitsulo zimachita dzimbiri n'kutupa. Mathiraki olemera mopyola muyezo amaukalambitsa nthawi isanakwane. Zonsezi zimafuna bajeti ya chaka ndi chaka, ndipo ine ndikufuna ndiziiona italembedwa tsiku lomwelo limene akusaina mgwirizano womanga.

Chimene ndikupempha kwenikweni n'chaching'ono. Dzinja lililonse likatha, madzi akaphwera, atumize anthu ndi bwato ndi chingwe choyezera, akayeze kuya kwa dzenje patsinde pa chipilala chilichonse. Akapeza kuti miyala yakokoloka aibwezeretse mvula ina isanagwe, ndipo manambala awoyo atiuze ife amene timawoloka pamenepo ndi ana athu.